Nkhokwe Yameza Ackim

"Tsitsa mwendo, iwe mwana!"

Damaris anali atakwinya kale chitenje, phazi limodzi lili pamwamba pa khoma la njerwa, pamene mawu a apongozi ake anamupeza. Khomalo linali lozungulira ndipo linali litangofika m'chiuno. Anatsitsa mwendo uja mwaulemu, koma mumtima anati, zayambikatu.

A Vainess anatulukira kuseri kwa khola la mbuzi, khasu lili paphewa. Anali mayi wochepa thupi, woti ukawaonera kumbuyo ungati ndi mtsikana wa sukulu, koma akayankhula nkhuku za mudzi wonse zinkadzutsa mitu.

"Ulowa kuti na mimba iyo? Sunamve kuti wapakati salowa pothina? Ufuna mwana azakakamire panjira tsiku lake likafika?"

"Amama, nifuna kumata mkati chabe. Mimba yake ikali ing'ono."

"Ing'ono kwa iwe. Kwa ine ni mzukulu wathunthu, ali na makutu na zala zomwe. Choka apo."

Meshack, mchimwene wake wa Damaris, amene anachokera ku Tembwe kudzamanga nkhokweyo, anangoyang'ana pansi n'kumapala mpeni wake womangira. Nkhani za mtengwa ndi apongozi ake mlendo salowerera.

Nkhokweyi Damaris ankailota masana ndi usiku. Chikwatiwireni ndi Ackim n'kubwera m'mudzi uno wa kufupi ndi Chikwa, iye ndi mwamuna wake ankadya za m'nkhokwe ya a Vainess. Ndipo mwambo wake ndi wodziwika: mtengwa satapa yekha m'nkhokwe ya apongozi. Ufa ukatha, Damaris ankatenga lichero, n'kukagwada pakhomo pawo, n'kudikira. A Vainess sanali omana ayi, lichero ankalidzaza mpaka kusefukira. Koma chimangacho sichinkabwera chokha, chinkabwera ndi mafunso. "Chatha kale? Kodi mudyetsa mpingo wonse?" Ndiyeno ankamukhazika pamenepo n'kumamufotokozera za msana wawo, za mbuzi za anthu, za mmene atsikana amakono sadziwira kupeta. Damaris ankabwerako mawondo atachita dzanzi.

Chaka chino banjali linalima munda wakewake, ndipo mvula inawakomera mtima. Chimanga chinali mbwee pathandala, choyera, chouma bwino ndi mphepo ya mu Juni. Koma chimanga sichingagone pamtunda nthawi yaitali m'dera lino, chifukwa chisanu chikayamba njovu zimachoka kumtsinje n'kumayendera midzi ngati zili ndi abale. A Vainess anali atalamula kale. Amayi a mumpingo ankabwera kudzatonola sabata yotsatira. Nkhokwe ya Damaris ikakhala itatha ndi kuuma, chabwino. Ikakhala isanathe, chimanga chonse chilowa m'nkhokwe yawo ya nsungwi monga kale, ndipo Damaris ndi lichero lake adikire chaka china. Kuti iume pa nthawi yake, inayenera kutha lero.

"Nkhokwe yake yomweyi yooneka monga uvuni wa mabanzi?" anatero a Vainess, akuzungulira khoma lija.

"Ni yamakono, amama," anayankha Meshack. "Ninaphunzira ku Chifunda. Ikatha ioneka monga mtsuko waukulu. Pamwamba pakamwa pang'ono, potseka na chivundikiro cha simenti. Pansi apa paipi yotapira. Njovu izanunkhiza, izakankha, izabwerera na njala yake. Khoswe naye azalira."

"Nanga ndani amate mkati ngati ine sinilowa?" anafunsa Damaris. Mkati munayenera kumatidwa khoma likukwera, chifukwa ming'alu ya pakati pa njerwa ndiyo nyumba ya anankafumbwe.

"Nilowa ine!"

Anali Ackim, akuchokera kumjigo ndi zigubu ziwiri zamadzi, china dzanja ili china dzanja ilo. Ackim anali chimunthu. Kale ankagwira pagolo pa timu ya mpira ya m'mudzimo, ndipo anthu ankati mpira sunkapeza podutsa chifukwa golo yonse inkadzaza ndi iyeyo. Chikwatirireni mapewa anali omwewo, koma kutsogoloku kunali kutawonjezeka kanthu kena kamene iye ankati ndi ulemu wa m'banja. Anatula zigubu, anatenga ndowa yakale yoti akakwerepo potuluka, n'kudumphira mkati akuseka.

Chivundikiro chija chinali phee pansi pa mtengo wa msikidzi. Meshack anali atachiumba masiku apitawo m'beseni la Damaris, atayesa ndi mapewa a Damaris yemweyo, popeza mwini nkhokwe ndiye amalowamo kukasesa chaka ndi chaka. Pa anthu onse amene anali pamenepo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana chivundikirocho kenako n'kuyang'ana mapewa a Ackim. A Vainess anapita kudimba ali okhutira kuti apulumutsa mdzukulu.

Ntchito inayenda ngati chikondwerero. Damaris ankasakaniza dothi la pachulu ndi phulusa, n'kumapatsira mwamuna wake m'chitini. Meshack ankayala njerwa panja, Ackim ankamata mkati, ndipo pakamwa pa alamu awiriwa sipankapuma.

"Mlamu, mata bwino. Mlongo wanga sitinakupatse kuti azidya vofumbwa."

"Munanipatsa? Anathawa yekha njala ya ku Tembwe."

"Njala ya ku Tembwe? Nanga mimba iyo ni yandani? Manje m'nyumba mwanu apakati muli awiri."

Damaris anaseka mpaka dothi linamugwera kumapazi. Khoma linafika pachifuwa pa Ackim, kenako pakhosi, kenako linayamba kupindikira mkati. Dzuwa lisanafike pamutu, Ackim sankaonekanso, ankangomveka. Meshack anakwera pamakwerero, anakanda simenti yotsala yonse ya m'thumba, n'kuumba mkombero wa pakamwa mosamala, akuyesa ndi kachingwe kamene anayesera chivundikiro.

"Manje mlamu usatuluke," anatero akusuzumira mkati. "Ukagwira apa ikali yaiwisi uzaononga. Yembekeza igwire."

"Palibe vuto. Muno mulibe mphepo. Uzani chabe mlongo wanu kuti wantchito ali na njala."

Damaris anamutsitsira mbatata zootcha, mtedza wokazinga ndi chikho chachikulu cha thobwa. Mbale inabwerera yopanda kanthu, anatsitsanso ina. Atakhuta, Ackim anatulukira kuti m'nkhokwe mawu amamveka aakulu ngati m'tchalitchi, ndiye anayamba kuimba nyimbo za kwaya, besi ndi tenala zonse yekha. Damaris anakhala pamthunzi n'kumayang'ana nkhokwe yake ikuimba. Inali yokongola kwambiri. Ankadziona kale akutsegula paipi ija m'mawa, chimanga chikukhuthukira m'lichero, osagwada, osafunsidwa ndi munthu. Chimwemwe chinamudzaza moti anayamba kuimba nawo.

Dzuwa litapendeka, Meshack anagogoda mkombero uja ndi chala, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Yagwira monga mwala. Tuluka manje, mlamu."

Kunamveka ndowa ikugubuduzika mkati. Kenako mutu wa Ackim unatulukira pamwamba, uli ndi dothi mpaka m'nsidze, mano onse ali pamtunda. Mutuwo unatembenukira kumanja. Unatembenukira kumanzere. Kumwetulira kuja kunayamba kuchepa.

"Tuluka, iwe," anatero Meshack.

"Nituluka."

Mutu unamira, kunatuluka manja awiri. Manjawo anagwiragwira mphepo, anamiranso. Mutu unabweranso, ulendo uno khutu lina litasupuka.

"Mlamu," anatero Ackim motsitsa mawu, "khomo ili unayesa na ndani?"

Meshack anayang'ana mlongo wake. Damaris anayang'ana chivundikiro pansi pa msikidzi paja. Kenako onse awiri anayang'ana mutu uli pamwamba pa nkhokwe ngati dzungu padenga, ndipo Damaris anayesetsa ndithu kuti asaseke, popeza mwamuna ndi mwamuna. Zinakanika. Anagwira mimba yake n'kukhala pansi, misozi ili chuchuchu.

Kuseka kumaitana anthu kuposa belu. Woyamba kufika anali Beauty, mnzake wa Damaris wa nyumba yoyandikana, amene nkhani ikalowa m'khutu mwake imatulukira kumjigo. Posakhalitsa bwalo linadzaza. Ena anabwera ndi mipando.

"Ba Ackim, yang'anani kuno!" anakuwa Beauty atakweza foni.

"Beauty, ukajambula nizakusumira kwa amfumu!"

"Muzapita bwanji?"

Malangizo anayamba kugwa ngati matalala. Wina anati amukoke ndi ng'ombe. Wina anati akumbe pansi ngati mbewa. A Jack, mkulu wa mpingo, anakhosomola kaye monga amachitira asanalalikire, n'kunena kuti njira yabwino ndi kusala kudya. "Musiyeni m'menemo mpaka pa Sabata, madzi chabe. Azatuluka wowonda, ndiponso woyera mtima."

"Ba Jack, pempherani chabe, vina visiyeni," unayankha mutu uja.

Anayesa njira zonse. Anamukoka manja, anamuuza atembenuke chammbali, anamuuza apume pang'ono. Mapewa ankafika pamkombero n'kuima. Meshack anatsika pamakwerero thukuta lili kamukamu, n'kudzikanda m'mutu.

"Apa ndiye paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Khoswe ni ndani?" anafunsa Ackim.

Anthu anasekanso, koma Damaris anali atasiya. Anaona kuti m'bale wake akuyang'ana thumba lake la zipangizo, ndipo m'thumbamo munkaoneka mpini wa nyundo.

Nthawi yomweyo a Vainess anafika kuchokera kudimba, mtolo wa mpiru uli pamutu. Anthu anawapatukira. Anaima, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana Meshack, anatula mtolo.

"Ichi n'chiyani?"

"Amama, mwaswera bwanji," anatero Ackim.

"Phwanyani."

"Amama," anayamba Meshack, chipewa chili m'manja, "simenti iyi yagwirana na njerwa za pamwamba. Nikamenya, mng'alu uzatsika mpaka pakati, denga lonse lizagwa. Ndipo simenti yatha. Ina ni ku boma, ndipo lole ya ku boma mudziwa, imabwera ikafuna."

"Nanga mwana wanga agone mumtsuko na chisanu ichi? Phwanyani, nati. Chimanga chili na kogona. Nkhokwe yanga ili na malo, sinayambe yamezapo munthu." Anatembenukira kwa Damaris. "Walira mvula walira matope, mwana wanga. Chaka chamawa muzayesanso."

Chaka chamawa. Damaris anamva mawondo ake akuwawa ngati wagwada kale. Anazungulira kuseri kwa nkhokwe kumene kunalibe anthu, anagwada pa paipi yotapira ija, n'kuika pakamwa pake pamenepo.

"Ackim. Tsika, nikuuze."

Anamva mwamuna wake akutsika pandowa n'kugona chafufumimba kuti afike papaipi.

"Ackim, tiphwanye basi. Khutu lako lichoka magazi."

"Awe. Osalola."

"Kuzazizira."

"Uniponyere bulangete. Nigona muno mpaka niwonde monga anenera ba Jack. Damaris, mvera." Ackim ankaganiza kuti akunong'ona. Anaiwala kuti nkhokwe yomwe inakuza nyimbo zake ikuzanso manong'onong'o, ndipo mawu ake ankatulukira pamwamba n'kugwera pabwalo lonse. "Ine natopa kukuona ugwada na lichero pakhomo pa amama monga wopempha. Unalima wekha munda uja, na mimba yomwe. Sinifuna mwana wathu akabadwe apeze amake akali kugwadira chimanga chawo chomwe."

Beauty anatsitsa foni. A Jack anayamba kuyang'ana mitambo, ngakhale kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe.

Damaris anadzuka pang'onopang'ono. Manyazi anamugwira, ndipo pamodzi ndi manyaziwo anamva chikondi chachikulu pa chimunthu chopusachi chogona m'dothi chifukwa cha iye. Atatulukira kutsogolo anapeza apongozi ake ataima pomwe paja, nkhope itauma, maso ali pa mtolo wa mpiru. Damaris anapita pa thumba la Meshack, anasolola nyundo, n'kuipereka kwa m'bale wake ndi manja awiri.

"Menyani, achimwene. Munthu aposa nkhokwe." Kenako anagwada kutsogolo kwa a Vainess. "Amama, mukhululuke. Ni kutopa chabe kumene kwamuyankhulitsa. Chimanga chilowe kwanu."

Meshack anakwera makwerero mosafuna. Anakweza nyundo.

"Iwe wa ku Tembwe!"

Nyundo inaima m'malere.

"Bweretsa kuno chinthu icho." A Vainess analanda nyundoyo n'kuiponya kutali, nkhuku zinabalalika. "Mwana uyu ninabala ine. Analinso wamkulu tero, anamwino anachita kuitanizana kuti azaone. Koma anatuluka, ndipo palibe anaphwanya chinthu. Amuna mukaona vuto mudziwa nyundo chabe. Beauty!"

"Amama!"

"Siya kafoni ako. Thamanga, sonkhanitsa therere lonse la m'mudzi muno, louma na laliwisi lomwe. Uphike mumphika wa maliro uja, chidulo chambiri, linande bwino. Mchere usathire, si ndiwo."

Mudzi unagwedezeka. Amayi anathamangira m'nyumba zawo, moto unakolezedwa pabwalo pomwepo, ndipo posakhalitsa mphika waukulu unali kuwira, therere likutukusira thovu. Analiziziritsa ndi madzi a m'zigubu za Ackim yemwe mpaka linafunda bwino. A Vainess analitapa ndi chikho, analikweza m'mwamba, ndipo linatsika ngati chingwe osaduka.

"Lakhala. Ackim, vula malaya na buluku."

"Amama, pali anthu!"

"Ali panja, iwe uli mkati. Ndiponso palibe chimene uli nacho chimene ine sininasambitse."

Malaya anatulukira pamwamba, buluku linatsatira, amayi anakuwa ngati timu yagoletsa. Ackim anatsala ndi kabudula wamkati. A Vainess anakwera makwerero okha, mphika ukuwatsatira m'manja mwa anyamata, n'kuyamba kukhuthula. Kuchokera mkati kunamveka kulira kwa munthu wamkulu amene therere likumutsikira m'khosi, m'khwapa ndi kumsana.

"Dzipake ponse! Manje mvera. Osabwera na mapewa onse pamodzi monga ng'ombe pakhomo la khola. Dzanja limodzi patsogolo. Mutu ugone paphewa. Phewa linalo litsike pansi, libwere pambuyo."

Dzanja linatuluka likunyezimira. Meshack ndi mnyamata wina wamphamvu anaima pa migolo mbali iyi ndi iyo, analikulunga ndi chiguduli kuti lisaterereke, n'kugwira. Mutu unabwera, phewa loyamba linadutsa. Amayi anayamba kuwomba m'manja pamodzi, Beauty akutsogolera.

"Limba, mayi! Limba!" ankaiuza nkhokwe.

Phewa lachiwiri linalimbalimba, kenako linati phulu! Bwalo lonse linakuwa. Chifuwa chinatsatira mosavuta. Ndiye panafika ulemu wa m'banja uja, ndipo zonse zinaima.

"Mbatata zija!" anakuwa Meshack. "Mlongo wanga, unamupatsiranji mbale yachiwiri?"

"Tulutsa mpweya wonse!" analamula a Vainess, akuthira therere lotsala mozungulira mimbayo n'kumalikankhira pansi ndi zala. "Wonse, nati! Manje kokani!"

Anakoka. Kunamveka phokoso ngati la phazi lozuka m'matope a m'dambo, ndipo Ackim yense anatuluka nthawi imodzi, anatsetsereka pakhoma, n'kugwera pa mlamu wake. Awiriwo anagubuduka pansi atakumbatirana, aliyense akuyesa kudzuka n'kumaterereka pa mnzake.

Nthungululu zinamveka mpaka kudimba.

"Mwamuna! Wabadwa mwamuna!" anakuwa Beauty. "Ali na ndevu kale!"

"Timutche dzina ndani?"

"Therere!"

A Jack anaseka mpaka anatsamira mtengo. Damaris anathamangira mwamuna wake ndi chitenje, anamufunditsa, anamugwira khutu losupuka lija, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Kenako anatembenuka kuyang'ana pamwamba pa nkhokwe. Mkombero unali wathunthu, wopanda mng'alu ndi umodzi womwe.

Gulu lonse linaperekeza khandalo kumjigo kuti likasambe, akuimba ndi kuvina m'njira, Meshack ali pambuyo akudandaula kuti malaya ake a ulendo aonongeka. Fumbi lawo litatsika, pabwalo panatsala anthu awiri okha.

Damaris sanadziwe poyambira. Kuthokoza kunali pakamwa, koma mawu a Ackim aja anali adakali pakati pawo. A Vainess sanamuyang'ane. Anali adakali pamakwerero, akusuzumira mkati.

"Ona vimene wachita uyu. Wapalapasa khoma lonse na miyendo, therere ponseponse. Mukathira chimanga tero, anankafumbwe azachitira ukwati muno."

"Nizauza Ackim kuti..."

"Alowenso? Therere latha m'mudzi."

Anakwinya chitenje chawo, anakhala pamkombero, anatsitsa miyendo, ndipo analowa bwinobwino osakhudza ndi m'mbali momwe. Damaris anangoti kukamwa yasa.

"Usaime chabe. Dothi. Ndipo ukwere sitepe yapansi yokha, osapitirira."

Damaris anakanda dothi ndi phulusa, anamanga chitini pachingwe, n'kutsitsa. Kwa kanthawi kunkangomveka dzanja likupala therere, kenako likumata khoma, pha, pha, n'kusalaza. Dzuwa linali litafiira kumadzulo ndipo mphepo yozizira inali itayamba kukwera kuchokera kumtsinje. Kumjigo kunkamvekabe nyimbo.

"Damaris."

"Amama."

Mawuwo ankatuluka m'nkhokwe otsika, osafanana ndi aja odzutsa nkhuku. Mwina zinthu zina munthu amazinena bwino pamene sakuonedwa nkhope.

"Wanena zoona mwamuna wako. N'nali kukuchedwetsa dala."

Dzanja lija linamatanso kawiri katatu.

"Si chimanga yayi. Chimanga n'chiyani? Chimwalirireni awisi a Ackim, pakhomo panga pamapita mbuzi chabe. Ana ena ali ku Lusaka, amaimba foni pa Khisimisi. Ukabwera na lichero lako, n'nali kudziwa kuti lero niyankhula na munthu. Ndiye n'nali kukoka nkhani, kuti usapite msanga." Anapumira. "Manje uli na paipi yako. Uzabweranso kuzatani kwa nkhalamba yolongolola?"

Damaris anagwira khoma lozizira lija. Nthawi yonseyi ankawerenga za mawondo ake okha, ndipo sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti mayiyu amatani iye akanyamula lichero n'kutembenuka. Chisoni chinamugwira, misozi inatsika osaiitana.

"Amama, nkhokwe zikhala ziwiri, koma mphasa ni imodzi. Ine nizaphika kuno, tizadyera kwanu, madzulo alionse. Ndipo uyu ali m'mimbayu akatengera awisi, muganiza nizamukwanitsa nekha?"

Kenako kunamveka mphuno ikufwenthedwa mwamphamvu, ndipo nkhokweyo inakuza phokosolo ngati lipenga.

"Phulusa ili lilowa m'maso," anatero a Vainess. "Ndipo ukabwera uzibwera na nkhani, osangokhala duu monga mlendo."

"Nizabwera nazo, amama. Ya lero yokha itifikitsa ku dzinja."

Kuseka kwa a Vainess kunatulukira pamwamba, kwakukulu, kwa munthu amene anali atakusunga nthawi yaitali. Chitini chopanda kanthu chinakwera pachingwe n'kugunda pamkombero.

"Thira lina, mwana wanga, kusanade. Nifuna chimanga chako chipeze nyumba yosalala."